Nyumba Ziwiri za Nambala Seveni

"Ine ndikatsuka deta, aise, ngakhale mayi wobereka sangamuzindikire mwana wake. Ulembe penapake mawu amenewa."

Anatero Vitalis Alfazema, chala chili m'mwamba, foloko yapulasitiki ili m'dzanja linalo, pa chiwaya cha kuseri kwa ofesi yawo ku Mandala. Amene ankauzidwa kuti alembeyo anali Dan, dalaivala wa bungwe lawo la kafukufuku, munthu amene cholembera amachigwira pokhapokha akamasayinira makiyi.

"Chaka chonse ndangomva deta, deta," anatero Dan akuthira tsabola pa tchipisi. "Kodi chimenechi chimadyedwa?"

"Ndi zonse zimene tinalemba ku Chilobwe. Nyumba folo handiredi, madzi awo tinayeza, mafunso tinafunsa. Kale zinthu zoterezi ankazitsekera mu kabati mpaka njenjete n'kuchita nazo digiri. Ife ayi. Lolemba taziika pa intaneti. Aliyense atenge, awerenge, agwiritse ntchito. Wa ku Zomba, wa ku Ghana, ngakhale iweyo."

"Ndiye anthu a eni mwangowayanika padzuwa ngati makaka?"

"Kutsuka ndikunenaku n'kumeneko! Mayina ndachotsa. Manambala a foni ndachotsa. Pamene nyumba ili ndachotsa. Kwatsala nyumba wani, nyumba thu, nyumba firii, basi. Ngakhale ife oyeza madzi tinasanduka manambala. Ine ndine seveni."

Dan anatafuna mofatsa, n'kumeza.

"Geti yobiriwira ija mwaitsukanso?"

Tchipisi chinalowa njira yolakwika. Vitalis anatsokomola mpaka mayi wa chiwaya anamupatsa madzi.

"Zakale zimenezo," anatero akupukuta misozi. "Usamafukule maliro pa nthawi ya lanchi."

Apa ndikuuzeni kanthu, kuti tiyendere limodzi. Ku ofesi ya Vitalis kunali lamulo: munthu satuluka ndi galimoto nthawi ya ntchito pokhapokha ngati akukayeza madzi, ndipo pobwera abwere ndi kabotolo kodzaza, atalemba mu tabuleti nyumba yake ndi tsiku lake. Anyamata ena akafuna kukaona mkazi amapha azakhali awo kawiri pa chaka. Vitalis anali woleredwa bwino, sankanama. Akafuna kukaona mkazi ankapita ndi kabotolo, n'kuyezadi madzi, n'kulembadi.

Poyamba kabotoloko kankapita ku geti yobiriwira, kwa Magdalene, telala wa madiresi a ukwati. Kenako kanasintha njira, kanayamba kupita kumtunda, kwa Ndaziona. Koma pakatipo panali masabata atatu amene mtima wa mnyamatayu unali ngati minibasi ya pa Limbe: yodzaza kale, koma kondakitala akuitanirabe. Za masabata amenewo Ndaziona sanauzidwe. Za Magdalene n'komwe.

* * *

Ndaziona ankagwira ntchito pa shopu yosindikiza mapepala ku Limbe, ndipo ankakhala ku Chilobwe ndi mayi ake pa nyumba ya amalume ake, a Paston. Amalumewa ndiwo anali khoma. Mkulu wa mpingo wa CCAP, wapampando wa komiti ya madzi, kalaliki wopuma amene anasunga mafayilo a kampani ina ku Limbe kwa zaka makumi atatu osataya ndi pepala limodzi lomwe. Milandu ya Vitalis kwa iwo inali iwiri. Woyamba, ndi Mkatolika. Wachiwiri, agogo ake anachita kuwoloka kuchokera ku Mozambique, choncho akafunsidwa kuti kwanu n'kuti amayankha kuti ku Bangwe.

"Bangwe ndi mudzi?" a Paston anafunsa mphwawoyo tsiku lina. "Akadzakumenya tidzakaitana ndani? Kondakitala?"

Koma Ndaziona anali ndi mtima wa dontho la padenga. Anagwera pamalo amodzi miyezi isanu mpaka mwala unayamba kufewa. Lachitatu masana foni ya Vitalis inalira kameseji.

"Amalume avomera kukuona. Loweruka folo koloko. Akuti akakhutira, ankhoswe ako abwere mwezi uno."

"Wanama!"

"Usachedwe. Usavale jinzi. Usawatchule kuti madala."

"Ndibwereka suti ya Dan."

"Ya Dan imakulekeza m'mawondo. Komanso Lachisanu akubwera ku msonkhano wanu wa ku Sunnyside, awaitana ngati wapampando."

"Bho kwambiri! Adzaone mkamwini wawo ali pa maiki."

"Ukadali mlendo iwe. Ukamwini ndi Loweruka."

Vitalis anavina yekha mu kolido mpaka mlonda anasuzumira kuti mwina wagwidwa ndi magetsi.

* * *

Mkazi akati tidikire kaye amalume, muzidziwa kuti nsalu anagula kale. Lachinayi madzulo Ndaziona anapita kukayesa nsalu yake ya chinkhoswe, imene anaipereka kwa telala masabata awiri apitawo. Telala wake ndani? Ku Chilobwe kuno ukafuna diresi loti anthu atembenuke umapita kwa Magdalene, amene amaimba naye kwaya imodzi. Nyumba yake susochera. Geti yobiriwira, ndipo kuseri kwake kuli thanki yaikulu ya malita faivi sauzande ili pamwamba pa zitsulo, yokhayo mbali yonseyo. Mipopi ikauma, amayi amandandalika pa geti imeneyo ndi zigubu, akumutamanda Magdalene ngati phungu.

"Imirira bwino, mkwatibwi," anatero Magdalene, mapini ali kukamwa.

"Amalume sanayankhe kaye."

"Ndiye nsalu unaguliranji? Kweza mkono. Mnyamata wake ndi uja wa madzi eti?"

"Umamudziwa?"

"Iii, Chilobwe yonse. Ndani sanamutungireko madzi?" Magdalene anakoka tepi m'chiuno mwa mnzakeyo mwamphamvu pang'ono kuposa mmene ntchito imafunira. "Kwanu anabwera kangati?"

"Sindinawerenge."

"Uziwerenga, sisi. Ife atelala timayeza kawiri tisanadule."

"Ayi! Wandibaya!"

"Pepa. Pini alibe maso."

Ndaziona anali ndi chimwemwe chambiri moti sanamve kuti mawuwo ali ndi minga. Anayamba kutamanda munthu wake. Vitalis ndi dolo. Zonse zimene anayeza kuno aziika pa intaneti, aliyense akhoza kuona madzi a dera lake mmene alili, palibenso zobisa.

Magdalene anaima.

"Zonse?"

"Zonse."

"Ndi masiku omwe amene ankabwera?"

"Akuti palibe chimene asiya, kupatula mayina."

Magdalene anaseka mpaka mapini anagwa kukamwa n'kumwazika pa simenti. Anaseka atagwira tebulo la makina.

"Chavuta n'chiyani?"

"Palibe, sisi, ndangokusangalalira. Diresi usavutike kudzatenga. Ndibweretsa ndekha Loweruka. Wati folo koloko eti?"

* * *

Lachisanu ku Sunnyside kunali tenti yoyera pa kapinga wa nyumba ina yakale imene inasanduka maofesi. Mipando yovekedwa nsalu, mabotolo a madzi pa tebulo lililonse, ndi anthu a ku Chilobwe atabwera pa basi yonse. Ndaziona anapempha theka la tsiku kuntchito, anakhala kumbuyo kwa amalume ake.

Dokotala Annette, bwana wa kafukufukuyu, anafotokoza bwinobwino. Madzi anali anu, nthawi inali yanu, ndiye zotsatira zake sizingakhale zathu zokha. Atamaliza anafunsa ngati pali mafunso. A Paston anaimirira, anamanga batani la jekete, anatsokomola ngati akuyamba pemphero lalitali.

"Mayi, ofufuza takhala tikuwaona. Amabwera ndi magalimoto, amatifunsa kuti timadya kangati, timapita kuchimbudzi kangati, ana tili nawo angati. Tikayankha, amasowa. Zotsatira timangomva kuti zili ku Ulaya. Chaka chinacho kumabwera ena, mafunso omwewo. Lero mukuti ine Paston ndikhoza kutenga zonsezi?"

"Mukhoza, bambo."

"Osalemba kalata?"

"Osalemba kalata."

"Osadziwana ndi munthu m'katimo?"

Anthu anaseka. Mayi wina anaimba kanthungululu kakafupi.

"Chabwino," a Paston anapitiriza. "Nanga zinsinsi za anthu? Ine ndasunga mafayilo zaka sate. Pepala lili ndi pakamwa."

Apa Vitalis anaona kuti Mulungu wamutsegulira khomo. Anadumpha, anatenga maiki, anaiwomba kawiri ndi chala.

"Bambo wapampando, funso lanu ndi la nzeru kwambiri. Deta imeneyi ndaitsuka ine ndi manja angawa. Mayina mulibe, mafoni mulibe, mapu mulibe. Ndikunena pamaso pa anthu onsewa: ngakhale mayi wobereka sangamuzindikire mwana wake m'menemo!"

M'manja munawombedwa. Ndaziona anawomba kuposa onse mpaka amalume anacheuka.

Zikanathera pomwepo bwenzi zili bwino. Koma mabwana akakukonda amakupha ndi chikondi. Dokotala Annette anatenganso maiki.

"Ndiwonjezere kanthu. Deta yangokhala masiku anayi pa intaneti, koma dzulo ndalandira kale uthenga kuchokera kwa wophunzira wina ku Mzuzu. Akuthokoza kuti nyumba zambiri tinaziyeza kawiri, koma pali zina zimene zinayezedwa mobwerezabwereza, mwakuti iye akutha kuona mmene madzi amasinthira mvula ikamagwa. Ine sindinalamule zimenezo. Ndinayang'ana kuti ndani anachita khama lotere payekha. Ndi woyeza nambala seveni. Vitalis, taimirira anthu akuone!"

Vitalis anaimirira, anawerama kumanja, anawerama kumanzere. Anadziuza kuti nyumba zilibe mayina. Kumbuyo kwa tenti Dan anatsitsa chipewa n'kuphimba nkhope yonse. A Paston anatulutsa kabuku m'thumba la jekete, analemba kanthu kamodzi kakang'ono, n'kubweza.

Potuluka anamugwira Vitalis dzanja, koyamba chiyambire.

"Mwalankhula bwino, achimwene. Mawa folo koloko."

* * *

Loweruka m'mawa a Paston anamutuma Ndaziona kuti akafika ku shopu awasindikizire deta yonse, chifukwa iwo zowerenga pa foni amati n'zofanana ndi kusuzumira nyumba pa kabowo ka kiyi. Ndaziona anasindikiza masamba sikisite thu, anawamanga bwino ndi chikuto cha buluu, osawerenga ndi mzere umodzi womwe. Manambala okhaokha, awerengenji? Anaweruka thwelofu, anakwera minibasi ziwiri, anapereka.

Thu koloko anatumiza meseji.

"Amalume akuwerenga deta yako ndi rula. Akana kudya. Akumwetulira!"

"Ndinakuuza. Auze amayi akonze nthungululu."

"Ndikunjenjemera, Vita."

"Usaope. Ine ndilibe chobisa."

* * *

Anafika kutatsala mphindi khumi, atavala suti ya Dan yolekeza pamwamba pa akakolo. Dan mwini wake anakana kulowa. Anati adikira ku msewu, injini isazizire.

Pa khonde panali mipando iwiri ndi katebulo. Pa katebulopo panali buku la buluu lija, rula, cholembera chofiira, ndi kope lina lakale lachikuto cholimba. Ndaziona anabweretsa tiyi, anagwada, anathira, n'kukakhala pa mpando wa pakhomo, maso pansi, mano onse panja. Mayi ake anali pa mkeka chapatali, akusankha mpunga pa lichero. Mayiwa sukulu anailekeza sitandade thu, ndipo pa nkhani za amuna sankaikapo mlomo.

"Achimwene," a Paston anayamba, "ntchito iyi ndi yabwino. Ndinene poyera. Zaka zitatu ndakhala ndikuwauza a komiti kuti madzi a zitsime za kumunsi amaipa Januwale, iwo akuti ndi nkhalamba yolongolola. Lero ndili ndi umboni. Tsamba twente wani mpaka twente naini. Lachiwiri ndikawawerengera mmodzimmodzi."

"Ndiye cholinga chake chimenecho, bambo," anatero Vitalis, chifuwa chikukula.

"Eya. Tsono nditamaliza za madzi, ndinati ndione khama la nambala seveni." Ananyowetsa chala, anatsegula pamene anaika kapepala, anatsitsa rula. "Nyumba nambala thu handiredi thwelofu. Mwini nyumba wa zaka sikisite seveni, wopuma pa ntchito. Anthu naini. Mpopi wa pabwalo. Anzathu onse munawayeza kawiri. Nyumba iyi, ka fotini."

Vitalis anaika kapu pansi.

"Nyumba zotero ku Chilobwe ndi zambiri, bambo."

"N'zoona. N'chifukwa chake ndinatenga langa." A Paston anasisita kope lachikuto cholimba lija. "Ine mlendo aliyense wolowa pa geti iyi ndimamulemba. Chizolowezi cha ku ntchito. Pa 3 Malichi, mnyamata wa madzi. Pa 10 Malichi, mnyamata wa madzi. Pa 17, mnyamata wa madzi, wakhala maola awiri, wadya mbatata. Masiku anu ndi anga akugwirizana onse fotini. Ine ndinkaganiza kuti boma likutidera nkhawa. Ndinafika poleka kumwa madzi a mpopi uwu!"

Ndaziona anabisa nkhope mu chitenje, mapewa akugwedezeka. A Paston nawo anayesa kulimba, koma zinakanika. Anaseka mpaka anavula magalasi.

"Fotini! Achimwene, ine mkazi wanga malemu ndinamuyendera katatu basi, kachitatuko galu anandiluma. Munthu woyenda ka fotini, n'kumalemba ulendo uliwonse osanama ndi tsiku limodzi lomwe, ameneyo akhale Mkatolika, achokere ku Bangwe, ine ndinati ayi, uyu ndi munthu wa fayilo. Thu koloko ija ndinali nditavomera kale mumtima."

"Amalume!" Ndaziona anaimirira, manja ali pakamwa.

Vitalis anaona chinkhoswe chonse chikudutsa m'maso mwake: tambala, thadzi, ankhoswe, Dan akuvina ndi suti yake yomwe. Anatsegula pakamwa kuti athokoze.

"Khala pansi, Ndaziona," anatero a Paston. "Ndati thu koloko. Firii koloko ndinabwerera m'mbuyo masamba ena."

Anavalanso magalasi. Ananyowetsa chala. Kuseka kuja kunali kutapita.

"Nyumba nambala eyite eyiti. Woyeza nambala seveni. Ka seventini."

Mpunga wokha ndi umene unkamveka pa lichero, waa, waa.

"Kuyambira Novembala mpaka Malichi. Ndipo pa 3 Malichi, pa 10 ndi pa 17, nambala seveni anayeza nyumba ziwiri tsiku limodzi. M'mawa eyite eyiti, masana kuno kudzadya mbatata zanga."

"Vita?" anatero Ndaziona, mawu ali ang'onoang'ono. "Ndi kwa ndani?"

"Ndi... ndi nyumba chabe. Madzi ake anali ovuta. Sindingakumbuke, zinali folo handiredi. Komanso malamulo a kafukufuku salola kutchula munthu."

"Malamulo abwino," a Paston anavomereza. "Ine sindikudziwanso. Buku langa limalemba za geti yanga yokha. Ndingowerenga zimene zalembedwa apa, poti aliyense ndi wololedwa." Anatsitsa rula pang'onopang'ono. "Mwini nyumba, wamkazi. Zaka twente sikisi. Wosakwatiwa. Ntchito, kusoka. Kosungira madzi, thanki ya malita faivi sauzande."

Lichero linaima.

Mayi a Ndaziona sanadzutse n'komwe mutu. Anatola kamwala mu mpunga, anakaponya kutali.

"Ameneyo ndi Magdalene," anatero. "Wa geti yobiriwira."

Ndipo kunja kwa geti kunamveka mawu okoma, a soprano ya kwaya, osafulumira.

"Odi kuno! Ndabweretsa diresi la mkwatibwi!"